Za Kukayika Kumene Kufika Pamodzi ndi Imvi

Mau olalikidwa pa Zalewa, m'dziko la Neno, nalembedwa kuti awerengedwe m'mipingo ndi kwa aphunzitsi a m'midzi. Muyambe mwawerenga Luka 1:5-25 ndi Mateyu 11:2-11.

Abale okondedwa mwa Ambuye, ndi inu aphunzitsi, anchito anzathu, pali nthenda yina ya mtima imene sichulidwa m'nyumba ya Mulungu, ngakhale ambiri adwala nayo. Munthu analowa kalasi ali mnyamata, nabatizidwa, namanga ukwati wace pamaso pa mpingo, naimba nyimbo za Mulungu zaka 40 kapena 50. Tsono pofika imvi apeza kuti zimene anazigwira kale ndi manja awiri ziyamba kumpulumuka. Usiku tulo tikamthawa adzifunsa yekha, Kodi Mulungu amva ndithu? Kodi kuseri kwa manda kuli kanthu? Kapena tinangotsata amene anatitsogolera, monga mbuzi itsata inzace? M'mawa abvala, napita ku mapemphero monga mwa masiku onse, osauza munthu.

Pa kalembera wa caka ca 2018 anapeza kuti m'Malawi anthu 2 okha mwa 100 ali onse anati alibe cipembedzo. Koma wolembayo anafunsa dzina la mpingo, sanafunsa za usiku. Ife abusa, amene tikhala pambali pa mphasa za odwala, tidziwa kuti okayika acuruka koposa ciwerengero cija, ndi kuti ena a iwo akhala pa mipando ya patsogolo. Ifenso amene tapitirira zaka 40, ndipo tayamba kuika m'manda anzathu a pasukulu, taona kuti mafunso awa salambalala nyumba ya mbusa. Cifukwa cace tifuna kumasulira zinthu zitatu: kumene kukayika uku kucokera, cimene Mulungu acita naye munthu wokayika, ndi kukayika kwina kumene Mkristu ali yense ayenera kukhala nako.

Kumene kukayika kucokera

Coyamba ndi maliro. Nkhalamba ya zaka 85 ya kuno inali mwana pa njala ya 1949, ndipo inaonanso njala ya 2002. Nthenda ya Edzi, imene inadziwika m'dziko muno m'caka ca 1985, inatembenuza mayendedwe a imfa: amene anayenera kukumba manda a makolo ndiwo anatsogola, ndipo agogo anatsala ndi ana amasiye ndi khasu limodzi. Mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa kwaulere m'caka ca 2004, koma m'mabanja ambiri anafika nyumba za anawo zitagwetsedwa kale. M'mwezi wa March 2023 namondwe Freddy anatenga anthu oposa 1,000, ena a iwo osapezeka mitembo yao. Mai amene anapempherera ana ace asanu, mmodzi mmodzi, nawaika onse, ndani wa ife adzamdzudzula pamene pemphero lilemera pa lilime lace?

Caciwiri ndi malonjezo amene sanacitika. Nkhalamba yamva zambiri zonenedwa m'dzina la Mulungu kapena la mizimu. M'zaka za 1933 ndi 1934 anthu a mcape anayenda m'midzi ndi kalirole ndi mankhwala akumwa, nati ufiti udzatha m'dziko. Koma atapita iwo, anthu anayambanso kulozana zala. M'caka ca 1995 makamu akuru anapita ku Machinga kwa Billy Chisupe, amene anati anaonetsedwa m'kulota mtengo wociza Edzi. Anamwa, nabwerera, ndipo nthendayo inatsala m'thupi. Masiku ano kuli aneneri ogulitsa madzi ndi mafuta. M'mipingo yathu yomwe nkhalamba yaona akuru alikulimbana cifukwa ca ndalama ndi mipando, ndi mpingo umodzi ulikugawika pawiri ndi patatu. Galu wamkota sakandira pacabe. Munthu wonyengedwa kawiri ndi katatu ayamba kuyesa mau onse, ndi mau a pa guwa omwe.

Cacitatu ndi thupi. Makutu agontha, ndipo ulaliki ufika ngati phokoso la madzi. Maso acita khungu, ndipo Buku likhala m'thumba losatsegulidwa. Miyendo ikana kufika ku chalichi. Kalembera yemwe uja anapeza kuti theka la anthu a dziko lino sanafike zaka 18. Potero mpingo uli wa ana, nyimbo zasinthika, ndipo amene anaimba naye nyimbo zakale agona kumanda. Mtima umene unatentha pa misonkhano ya ubwana suthamanganso. Pamenepo munthu ayesa kuti cikhulupiriro cace cafa, koma kawiri kawiri cimene cazirala ndi mwazi, ndipo cimene cimdya ndi kukhala yekha.

Cimene Mulungu acita naye wokayika

Uthenga Wabwino wa Luka uyamba ndi nkhalamba yokayika. Zakariya anali wansembe, munthu wolungama, wokalamba pamodzi ndi mkazi wace Elisabeti, opanda mwana. Mngelo anamfikira m'Kacisi momwe, pa nthawi ya zofukiza, namuuza kuti pemphero lace lamveka. Koma iye anayang'ana zaka zace ndi za mkazi wace, nafunsa cizindikiro. Pemphero limene analipempha ali mnyamata analileka kuliyembekeza, ngakhale sanaleka kufika pa nchito yace. Anakhala wosalankhula kufikira mwanayo atabadwa, ndipo sitikana kuti kumeneko kunali kumdzudzula. Koma taonani, sanamcotsa pa unsembe, anatsiriza masiku a utumiki wace, ndipo lonjezo silinabwezedwa. Mwanayo anabadwa m'nyumba ya munthu wokayika, pakuti lonjezo linatsamira pa Iye wolonjeza.

Mwana yemweyo, Yohane Mbatizi, amene analoza Yesu pa Yordano pamaso pa makamu, atatsekeredwa m'ndende ya Herode anatuma ophunzira ace kukafunsa ngati Yesu ndiye woyembekezedwayo, kapena adikire wina. Ambuye sanamkalipira. Anamtumizira mbiri ya nchito zimene zinalikucitika kwa akhungu, opunduka ndi aumphawi, ndipo amithengawo atacoka anamtama Yohane pamaso pa anthu onse. Koma citseko ca ndende sicinatseguka, ndipo Yohane anafera momwemo. Tinena ici kuti wina asalonjeze nkhalamba zimene Ambuye sanalonjeza. Yankho la Mulungu lifika nthawi zina lopanda kucotsa bvuto.

Ndipo sizinatha m'masiku a Buku Lopatulika. Madzi amene apita pansi pa mlatho wathu wa Zalewa atsikira ku Zambezi, napitirira pa Shupanga, m'dziko la Mozambique, pamene pali manda a Mai Mary Livingstone. Anali mwana wa Robert Moffat, mbusa wochuka, ndi mkazi wa David Livingstone. Anaoloka cipululu ca Kalahari ndi ana ang'ono, nataya khanda m'caka ca 1850, nakhala ku Britain kuyambira 1852 kufikira 1856 wopanda nyumba yaceyace, mwamuna wace ali kutali. Olemba mbiri yace anena kuti m'zaka zace zotsiriza mtima wace unadzala ndi mdima ndi mafunso pa za cipembedzo. Anamwalira ndi malungo pa 27 April 1862, ali ndi zaka 41. Momwemonso Mai Teresa wa ku Calcutta, wa mpingo wa Roma, amene anamwalira m'caka ca 1997 ali ndi zaka 87: makalata ace, osindikizidwa m'caka ca 2007, anaonetsa kuti pafupi zaka 50 sanamva kukhalapo kwa Mulungu mumtima mwace, ndipo zaka zonsezo anatola odwala m'miseu ndi kuwasambitsa. Cifukwa cace, mbale wokalamba, musayese kuti mdima uwu wagwera inu nokha, kapena kuti ugwera oipa okha.

Fanizo la mtsinje wathu

Ana athu ayesa kuti Shire sanaphwepo. Koma kuyambira caka ca 1915 kufikira 1935 nyanja inaleka kutsanulira madzi ace mu mtsinje uwu. Madzi a nyanja anatsika cifukwa ca zaka za mvula yocepa. Mcenga ndi matope zinaunjikana m'njira ya mtsinje, bango ndi udzu zinamera pamenepo, ndipo njira inatsekeka. Pa Matope, pamene kale sitima za kunyanja zinakoceza, panangopita madzi a timitsinje ta m'mbali. Mwana wobadwa m'zaka zimenezo akanatha kukula kufikira kukwatira, wosaona Shire wodzala ndi madzi a nyanja. Ndipo akanati, Nyanja imene anena akuru njabodza.

Koma nyanja inalipo, yakuya mamita pafupi 700 pena, ndipo zaka zonse 20 madzi ace analikukwera pang'ono pang'ono kuseri kwa mcenga, osaoneka kwa anthu a kumunsi kuno. M'caka ca 1935 anasefukira, nayamba kukokolola zotsekazo, ndipo mtsinje unabwerera. Madzi omwewo ndiwo anayamba kupanga magetsi pa Nkula m'caka ca 1966.

Wokayika wanzeru adzatiyankha kuti, Ku nyanja munthu akhoza kupita ndi miyendo, nakaiona. Kwa Mulungu ndani anapita? Anena zoona, ndipo fanizo si umboni. Sititha kumuonetsa munthu Mulungu monga tionetsa nyanja pa Mangochi; tikanatha, sicikanachedwa cikhulupiriro. Cimene fanizo litiphunzitsa ndi ici cokha: kuuma kwa pa dooko lako sikukuuza za kumtunda. Anthu a pa Matope m'zaka zija anadziwa za nyanja mwa mau a apaulendo amene anaiona, ndipo ena anafa mkati mwa zaka 20 zija, osaona madzi alikubwerera. Koma imfa yao sinaphwetsa nyanja. Ifenso tiri nazo mboni, atumwi amene anafera cimene anaciona, ndi akuru athu amene tinaona mafedwe ao. Pa nthawi ya cirala ca mtima munthu akhoza kutsamira pa umboni wa anzace, kufikira madzi ace omwe atabwera.

Kukayika kumene Mulungu afuna

Tsono tifika pa mau olemera, pakuti akhudza dziko lathu lino la Neno. M'mwezi wa January 2016, m'mudzi wa Chimbalanga, kwa Mfumu Dambe, mphezi inapha mtsikana wa zaka 17. Anthu anati imfayo njolodza, nagwira nkhalamba zinai, abale ace a mtsikanayo, zonse zopitirira zaka 60, nazipha. Mbiriyi inamveka m'dziko lonse ndi kunja komwe, ndipo dzina la Neno linachulidwa ndi manyazi.

Taganizani, abale. Akupha aja sanali okayika. Anali otsimikiza mtima, osafunsa kanthu. Pakadaimirira munthu mmodzi pa bwalo lija, nati, Mwadziwa bwanji? Umboni wanu uli kuti? kapena nkhalambazo zikadagona m'nyumba zao usiku uja. Timaopa kukayika kwa nkhalamba imene ifunsa za Mulungu usiku, ndipo kumeneko sikunaphe munthu. Koma kukhulupirira kosafunsa kwadzaza manda, kuyambira masiku a mwabvi kufikira lero. Lamulo la boma la caka ca 1911 linaletsa kumwetsa mwabvi ndi kunenera munthu ufiti, ndipo m'caka ca 2024 Nyumba ya Malamulo inabvomereza lamulo losunga nkhalamba. Koma lamulo likhala ku Lilongwe, ndipo maliro acitika m'mudzi, pamene alipo ndi ife.

Tinene cinanso cimene citiwawa. M'zaka za 2010 ndi 2011, pamene anthu ambiri, ocuruka a iwo amai okalamba, anali m'ndende pa mirandu ya ufiti, amene anamveka mau ace powanenera anali George Thindwa, wa bungwe la Association for Secular Humanism, munthu wonena poyera kuti sakhulupirira Mulungu. Pa za Mulungu sitibvomerezana naye konse. Koma Ambuye ananena fanizo la munthu wobvulazidwa panjira, amene wansembe ndi Mlevi anamlambalala, ndipo wakunja ndiye anamtola. Mpingo uliwerenge fanizolo ndi mantha.

Mkristu ayenera kukayika mau onse onenera mnzace popanda umboni, pakuti lamulo lacisanu ndi cinai liletsa umboni wonama. Ayenera kukayika mneneri amene afuna ndalama asanapemphere, ndi ali yense amene aloza agogo a munthu kuti ndiwo amanga mwai wace. Ayenera kudziwanso kuti pali nthenda ya ubongo imene igwira ena mu ukalamba, imene madokotala aicha dementia. Wodwalayo aiwala maina a ana ace, asocera njira ya kwao, aturuka usiku wosabvala bwino, napezeka pakhomo pa eni; ndipo akamzinga ndi kumuopsa abvomera ciri conse. Ameneyo si mfiti yogwa pa ulendo wa usiku. Ndi mai wa munthu, wodwala, wofuna copfunda ndi womperekeza kwao.

Zimene tiyenera kucita

Kwa inu akuru a mpingo ndi amai a Mvano. Nkhalamba ikakuululirani kukayika kwace, musaitengere ku bwalo la mpingo ngati yacita chimo, ndipo musacite nkhaniyo cakudya ca pacitsime. Khalani pansi, mumve kufikira itatha. Musafulumire kuiponyera ndime za Buku, pakuti iyo inaziloweza inu musanabadwe. Abwenzi a Yobu anacita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala cete. Analakwa pamene anayamba kumasulira zimene sanazidziwa. Lembani maina a onse amene miyendo yao yaleka kufika ku chalichi, muwagawane, muwayendere, ndipo muuze mbusa kuti Mgonero wa Ambuye uwafikire pakhomo. Mukapita, nyamulani nkhuni ndi ufa pamodzi ndi nyimbo. Kukayika kwambiri kucepa pamene munthu aona kuti mpingo sunamuiwala, pakuti amene saona nkhope ya mbale abvutika kukhulupirira nkhope ya Atate. Ndipo pa maliro, mukamva manong'onong'o oyamba a ufiti, imani pakhomo pa wonenedwayo, mutumize mau kwa mfumu ndi kwa apolisi dzuwa lisanalowe.

Kwa inu aphunzitsi. Mwana akafunsa funso lobvuta la za Mulungu, musamkwapule ndi maso. Akuru anati, safunsa anadya phula. Mwana woletsedwa kufunsa akhala pa ngozi ziwiri: adzakhulupirira wonyenga ali yense, kapena adzataya zonse pa maliro oyamba amene adzamlasa mtima. Cimene mucidziwa muyankhe. Cimene cikuposani munene kuti, Tiyeni tifunefune pamodzi. Muwaphunzitse kuti mphezi ndi magetsi a m'mitambo, amtundu umodzi ndi a pa Nkula, monga Benjamin Franklin anaonetsa m'caka ca 1752. Kuti ikonda kugwa pa cinthu cacitali coima pacokha. Ndi kuti pa mvula ya mabingu asabisale pansi pa mtengo wa pawokha, kapena kukhala m'madzi ndi pa dambo. Phunziro limeneli lidzasunga moyo wa mwana, ndi moyo wa agogo ace womwe. Muwatumenso ana kukatunga madzi a nkhalamba ndi kukamva nkhani zao, pakuti akuruakuru ndi m'dambo mozimira moto; mudzi wotentha dambo lace udzapsa wonse.

Kwa inu atate ndi amai athu, amene mau awa anena za inu. Musasenze katundu uyu nokha. Sankhani mmodzi wokhulupirika, mumuuze. Musaleke kufika pamene muli nayo mphamvu, monga Zakariya sanaleka nchito yace ya m'Kacisi. Mafunso anu muwatumize kwa Ambuye mwini, monga anacita Yohane. Pakuti kufunsa Mulungu ngati alipo ndi kulankhula naye ndithu. Pemphero likakana kuturuka lalitali, nenani lalifupi. Likakana lalifupi, khalani cete pamaso pace, ndipo mpingo udzapemphera m'malo mwanu, monga inu munatipempherera tisanadziwe kulankhula. Musadzipatule pa gome la Ambuye cifukwa ca kukayika, pakuti mkate upatsidwa kwa anjala. Ndipo nzeru imene zaka zinakupatsani, yosathamangira mau onse, musaiyese tsoka. Muipereke kwa ana athu, amene aisowa.

Ife amene tiri pakati pa ulendo, ubwana uli m'mbuyo ndi imvi ziri pakhomo, tiona kuti zimene tizigwira zicepa ciwerengero cace, koma zilemera. Kale tinali ndi yankho la funso liri lonse. Tsopano tiri ndi mtanda, manda apululu, ndi lamulo la kukondana, ndipo tapeza kuti izi zikwanira kuyenda nazo. Mwana wa kumbuyo sasungidwa ndi mphamvu ya manja ace, koma ndi nsaru imene mai wace anamanga. Akagona, manja ace namasuka, sagwa.

Mulungu wa Zakariya ndi Elisabeti asunge nkhalamba za mipingo yathu, kuyambira pa Zalewa kufikira ku Lisungwi ndi ku mapiri a kwa Dambe, zokhulupirira ndi zokayika zomwe. Atseke pakamwa pa onenera zonama. Ndipo atipatse ife ana ao mtima wofunsa tisanaweruze, kufikira tsiku limene mafunso onse adzatha pamaso pace. Amen.